Pokonza malo obwezera mabotolo, ganizirani anthu aulumali

Amene mukukonza ndondomeko yoti anthu azibweza mabotolo otha ntchito n'kulandiranso ndalama yachikole imene analipira pogula chakumwa, yambani ndi kuyeza kutalika kuchokera pansi kwa bowo loponyeramo botolo pa makina olandira mabotolowo. Munthu wokhala pa njinga ya olumala amafikira bwino malo osapitirira masentimita 120 kuchokera pansi, choncho bowolo, mabatani ndi potulukira risiti zisakhale pamwamba kuposa pamenepo. Kutsogolo kwa makinawo kukhale malo a masentimita 150 oti njinga izitembenukirapo, ndipo njira yotsetsereka yofikira pamalopo isakwere kuposa mita imodzi pa mamita 12 alionse.

Kwa osaona, sikirini yokha siyokwanira. Makina akakana botolo, zomwe zimachitika kawirikawiri likapindika kapena chizindikiro chake chikafufutika, azinena chifukwa chake ndi mawu, apo ayi munthuyo azingoliponyanso osadziwa chalakwika. Mabatani akhale otumphuka komanso a zilembo za Braille, ndipo osamva aziona uthenga womwewo m'malemba akuluakulu.

Ine ndimaona kuti oiwalika kwambiri ndi iwo amene sangathe kuchoka panyumba. Munthu wotere amalipira chikole ngati wina aliyense, koma alibe njira yochitengeranso, ndiye chikolecho chimasanduka msonkho wa ulumali wake. Lolani kuti wachibale kapena womusamalira abweze mabotolo m'malo mwake, kapenanso kuti obweretsa katundu pakhomo aziwatenga pobwerera. Ndime 9 ya pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe linavomerezedwa mu 2006, imanena kuti malo othandizira anthu azifikirika ndi onse. Musanagule makina, itanani anthu aulumali osiyanasiyana kuti awayese okha.