M'bale wanu akatengedwa ndi apolisi

Ine ndimathyola tiyi kuno ku Thyolo, ndipo zimandipweteka kuona anzathu akugona m'chitokosi pa mlandu womwe sanapalamule. Mukangomva kuti m'bale wanu watengedwa, thamangirani kupolisi tsiku lomwelo. Lembani dzina la wapolisi, mlandu wa m'bale wanuyo ndi nthawi yomwe wamangidwa. Nthawiyo musaiphonye, chifukwa gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino likuti akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, kapena, maolawo akathera pa nthawi yomwe khoti silikugwira ntchito, tsiku loyamba lomwe khoti latsegula. Belo ya kupolisi ndi yaulere, musapereke ngakhale tambala. Muuzeni asasayine chikalata chomwe sanachimvetse. Ngati am'menya, akapimidwe kuchipatala, musunge lipotilo, mukadandaule ku Independent Complaints Commission, bungwe lomva madandaulo okhudza apolisi. Ndalama ya loya ikasowa, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu omwe sangathe kulipira loya.