Momwe mungalembere mayankho a manambala pa asayimenti ya pa intaneti

Temu yatha ndinapeza 4 pa 10 pa masamu amene papepala ndinawakhoza onse. Ndimaphunzira za patali ndili konkuno ku Ntcheu, masana ndili pantchito, usiku ndili pa foni kulimbana ndi asayimenti. Masamuwo sanandivute ayi. Chinandigwetsa ndi kalembedwe ka yankho m'kabokosi kolembamo yankho pa intaneti. Amene amachonga si munthu woti aone kuti mumatanthauza chiyani, ndi kompyuta, ndipo iyo imangoyerekeza zomwe mwalemba ndi nambala yomwe aphunzitsi anaikamo.

Za kulowa pa potolo, tsamba la pa intaneti la koleji yanu, sindinena, mukudziwa kale. Makoleji ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu yophunzirira yotchedwa Moodle, aphunzitsi ena amangotumiza Google Forms pa gulu la WhatsApp. Musanatsegule mafunso, khalani ndi kope, bolopeni ndi kakyuleta pafupi, chifukwa mafunso ena ali ndi wotchi yomwe imayamba kuwerenga mukangodina. Onaninso bandulo. Chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 chilichonse chinakwera, ndiye ine ndimajambula mafunso oyeserera, n'kuzimitsa data, n'kusova pa kope.

Werengani mzere womaliza wa funso kawiri. Mpomwe amabisa zoti akufuna manambala awiri pambuyo pa poyinti, kapena yankho mu makilogalamu osati magalamu. Ngati kumapeto kwa kabokosi kwalembedwa kale kg kapena %, inu lembani nambala yokha. K ya kwacha isalowemo. Yankho likakhala 25 peresenti ndipo chizindikiro cha % chilipo kale, lembani 25, osati 0.25.

Tsopano pomwe panandigwetsa ine: mpatuliro, kachizindikiro kaja (,) timati koma. Kuyambira ku pulayimale anatiphunzitsa kulemba 1,250 kuti nambala iwerengeke bwino, ndipo dzanja linazolowera. Funso linali la mtengo wa katundu, ndinapeza 1250, ndinalemba 1,250 monyadira. Cholakwa. Lotsatira 3,600, cholakwanso. Chomwe chinandizunguza mutu n'chakuti pamene ndinalemba 1,250,000 inandichongera bwinobwino. Ndinagona ndikung'ung'udza kuti makinawa ndi ofa. M'mawa ndinalembera aphunzitsi: "Pepani bambo, tandionereniko, mwina kompyuta yasokoneza." Anandiyankha kuti kompyuta ili bwino, koma ikaona mpatuliro umodzi wokha popanda poyinti imautenga ngati poyinti, ndiye 1,250 yanga inawerengedwa 1.25. Ikaona iwiri imazindikira kuti ndi yolekanitsa masauzande. Chifukwa chake n'chakuti mayiko ambiri, monga Portugal, France ndi anansi athu a ku Mozambique, amalemba 12,5 pomwe ife timalemba 12.5, ndipo mapulogalamuwa anapangidwa kuti atumikire onse. Ena amakuchenjezani mukalemba choncho, ena amangokhala chete. Lembani 1250, popanda mpatuliro, popanda mpata pakati.

Ife a m'malire nkhaniyi imatikhudza kawiri. Pa Lizulu ukangodumpha msewu wa M1 uli ku Mozambique, ndipo mafoni ena a kaunjika amene amagulitsidwa m'misika yathu amabwera ali m'Chipwitikizi. Yanga ndinaigula choncho kwa mnyamata wina amene analumbira kuti ndi yatsopano, batire lake likutha ngati madzi m'dengu. Anandisinthira chilankhulo chapamwamba chokha, kiyibodi inatsala ya Chipwitikizi. Kabokosi ka nambala kakatseguka, pamene pamayenera kukhala poyinti pamabwera mpatuliro, ndipo kakyuleta ya mufonimo inkaonetsa 0,75. Lowani ku Settings, pezani za chilankhulo ndi kiyibodi, ikani English, ya Chipwitikiziyo muichotseretu. Muli pomwepo zimitsani chija chimaika mpumiro chokha mukadina mpata kawiri, chifukwa chimakusiyirani 45. m'malo mwa 45 inu osaona. Pa Google Forms kadontho kameneko kangakuluzitseni, poti yankho lalifupi limayerekezedwa chilembo ndi chilembo ndi lomwe aphunzitsi analemba. Ngakhale .5 ndi 0.5 kumeneko zimatha kukhala zosiyana, choncho ziro wakutsogolo musamamusiye.

Kenako nkhani yofupikitsa manambala. Musafupikitse pakati pa ntchito. Mlimi wa kachewere ku Tsangano akagulitsa magawo awiri mwa atatu a makilogalamu 4500, yankho ndi 3000. Koma mukayamba mwasandutsa 2/3 kukhala 0.67, mupeza 3015. Aphunzitsi ena amaika kampata kololera kuphonya pang'ono, ena saika n'komwe, ndipo inu simungaone. Siyani manambala onse mu kakyuleta, mufupikitse kumapeto kokha. Kakyuleta ikakupatsani fulakishoni, pa Casio zamtundu wa ES dinani batani lolembedwa S⇔D, isanduka desimali. Chenjerani nazo zapamsika zotchipa zija, dzina kulembedwa mokongola koma mabatani kumira sabata yachiwiri. Kuli bwino kubwereka kwa mwana wa Fomu 4.

Manambala aakulu kwambiri kapena aang'ono kwambiri ali ndi chidule chake: 0.00045 mutha kulemba 4.5e-4, ndipo 300000000 ndi 3e8. Yesani kaye pa mafunso oyeserera kuti muone ngati potolo yanu ikulandira. Nambala yotsika pa ziro iyambe ndi kamzere kafupi ka pa kiyibodi, komatirira, -7. Ziro ndi 0, osati chilembo O. Fulakishoni yosakaniza ngati 2 ndi theka lembani 2.5.

Zotsalazo n'zachidule. Musakope yankho kuchokera pa WhatsApp, limabwera ndi mipata yosaoneka. Ngati pali batani la Check ndipo silidula malikisi, ligwiritseni ntchito. Pa Moodle kudina Finish attempt si kumaliza, pali linanso la Submit all and finish. Dinani netiweki ili bwino, makamaka inu a ku Biriwiri ndi Lizulu komwe foni imathawira ku netiweki ya tsidya lina, kenako jambulani sikirini yosonyeza kuti zapita.