Cholengedwa Chimodzi pa Sabata: Kuphunzitsa Ana Pakhomo Chilimwe Chikamayamba

Chilimwe chikamayamba, mwana amene mumamuphunzitsira pakhomo maso ake amangothawira pawindo. Musalimbane naye. Tulutsani phunziro panja, koma sabata iliyonse musankhe cholengedwa chimodzi chokha. Mwana achiyang'anitsitse, achijambule, ndiyeno amve zimene Baibulo likunena za icho. Musasinthe ndondomekoyi. Mukayamba ndi vesi, mwana amajambula zimene mwamuuza, osati zimene maso ake aona.

Zipangizo zake n'zochepa: kabuku kopanda mizere ka mwana aliyense, pensulo ya HB, lula, botolo lagalasi, burashi, ndi utoto wa madzi wamitundu itatu basi, wofiira, wachikasu ndi wabuluu. Tulukani dzuwa lisanaswe mtengo, isanakwane 10 koloko, chipewa kumutu, madzi akumwa m'manja. Kwa ana a zaka 5 mpaka 8, mphindi 15 kapena 20 n'zokwana. Charlotte Mason, mphunzitsi wa ku England amene anamwalira mu 1923, ankalimbikitsa maphunziro afupiafupi otere komanso kabuku kojambulamo zachilengedwe, ndipo mabanja ambiri ophunzitsa ana pakhomo amatsatirabe njira yake.

Yambani ndi nyerere, chifukwa sizisowa. Ikani timibulu ta shuga pamtunda wa mita imodzi kuchokera pa una wa nyererezo, mukhale pansi chapatali, mudikire. Pakapita mphindi zingapo nyerere imodzi imapeza shugayo n'kubwerera kwawo, ndipo posakhalitsa zinzake zimatulukira zitandondozana. Apa muuzeni mwana apukute kanjirako ndi chala chonyowa, kamodzi kokha, chopingasa. Nyerere zikafika pamenepo zimaima, zimazungulirazungulira, zina n'kubwerera. Yoyamba ija inasiya fungo pansi, ndipo chala chalifufuta. Mwana awerenge nthawi imene zitenge kuti zilumikizenso njira, alembe m'kabuku. Pojambula, ana ambiri amaika miyendo pamimba pa nyerere. M'malo momukonzera, mufunseni kuti, "Tayang'ananso, miyendoyo yachokera pati?" Adzaona yekha kuti thupi lili ndi zigawo zitatu, mutu, chifuwa ndi mimba, ndipo miyendo yonse 6 yachokera pachifuwa. Mukabwerera m'nyumba werengani Miyambo 6:6-8, pamene akunena za nyerere yosonkhanitsa chakudya m'chilimwe popanda kapitawo. Chonde, vesili musalisandutse chikwapu chomukumbutsira mbale zimene sanatsuke. Mukatero kamodzi, ulendo wina adzadziwa kuti nyerere ndi nyambo chabe.

Sabata ya mbewu imafuna kuleza mtima. Viikani nyemba 4 m'madzi usiku wonse, maola 8 mpaka 12. Pindani pepala lomwa madzi mozungulira m'kati mwa botolo, mulowetse nyembazo pakati pa pepala ndi galasi, chapakati pa botolo. Pansi thirani madzi okwana masentimita 2 okha kuti pepala liziwakoka. Nyemba zikamira zimaola, chifukwa mbewu imafunanso mpweya kuti imere. Zikachita nkhungu ndiye kuti madzi achuluka kapena mwatseka botolo. Nyemba imodzi muyiike chozondoka mwadala. Pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu muzu umatuluka, ndipo wa yozondoka ija umapindika n'kuloza pansi ngati inzake. Botolo likhale powala koma osati padzuwa la masana, galasi limatentha n'kuphika mizu. Likakhala pamdima, tsinde limatalika mopyapyala, lotuwa, n'kugwa. Tsiku lililonse mwana ayeze muzu ndi lula kunja kwa galasi, ajambule, alembe deti. Masamba enieni akatuluka, okani m'dothi, chifukwa chakudya cha m'mbewu chimakhala chikutha. Fanizo la pa Marko 4:26-29, la munthu amene amafesa, n'kumagona ndi kudzuka pamene mbewu ikukula m'njira imene iye sadziwa, muliwerenge tsiku limene mwana wadzuka n'kupeza muzu umene kunalibe dzulo.

Maluwa muwathyole mame atauma, ndipo musankhe opyapyala. Aikeni pakati pa mapepala wamba, pamwamba musanjikepo mabuku olemera. Pepala lonyezimira silimwa madzi, ndiye duwa limavunda. Sinthani mapepala tsiku lachitatu, kenako musawasokoneze kwa masabata awiri kapena atatu. Duwa lonenepa mulidule pakati lisanapanidwe. Mwana ajambule duwalo likadali laliwisi, kuti louma likadzamatidwa pambali pake ndi kadontho ka guluu, adzayerekeze mitundu. Mateyu 6:28-30 ndi woyenera tsiku lothyola. Duwa limene lafwifwa musalitaye, lili ndi vesi lake pa Yesaya 40:8.

Za dzuwa n'zosavuta. Zikani ndodo ya mita imodzi pamalo osalala, muziika mwala pamene chithunzithunzi chake chathera ola lililonse kuyambira 9 koloko mpaka 3 koloko. Chachifupi kwambiri chimakhala cha pakati pa tsiku. Mwana asayang'ane dzuwalo. Madzulo werengani Salimo 19.

Pa utoto ndi pamene misozi imagwa. Mwana akasakaniza mitundu yonse itatu amapeza matope, choncho aphunzire kusakaniza iwiri yokha. Kuti apeze wobiriwira, ayambe ndi wachikasu n'kumawonjezera wabuluu pang'onopang'ono, chifukwa wabuluu ndi wamphamvu. Ikani makapu awiri a madzi, ina yotsukira burashi, ina yoyera yosungunulira utoto. Pepala lopyapyala limakwinyika likanyowa. Lolimba la 300 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala) silivuta, koma ngati mulibe, matani lomwe muli nalolo pathabwa ndi selotepi mbali zonse zinayi, mumatule litauma. Mitundu iwiri yoyandikana imalowerana ngati woyamba sunaume, ndiye adikire mphindi zisanu. Ndipo inu, manja kumbuyo. Chithunzi chokhota chimene mwana wajambula akuyang'ana tsamba lenileni chimaposa chokongola chimene mwamuwongolera.

Vesi la sabata likhale limodzi, lalifupi, lolembedwa ndi dzanja la mwana pansi pa chithunzi. Wamng'ono amene sanayambe kulemba anene, inu mulembe mawu ake momwe wanenera. Muzilinena limodzi m'mawa uliwonse, ndipo pofika Lachisanu amakhala ataliloweza popanda kukakamizidwa. Popemphera, mwana athokoze Mulungu potchula chimene waona ndi dzina lake: muzu uja unapindika, nyerere ija inasenza m'bulu woposa mutu wake. Akafunsa funso limene simukudziwa yankho lake, alilembe kumapeto kwa kabuku, mukalifufuze limodzi masana dzuwa likakuthamangitsirani m'nyumba.