Rauta inalibe mlandu, yodwala inali adaputa

Kwa miyezi iwiri Wi-Fi ya kunyumba kwathu pa boma la Ntcheu inkandisowetsa mtendere. M'mawa inkayenda bwino, koma madzulo ana akangolumikiza mafoni atatu, rauta inkazima n'kuyakanso yokha. Ndinaichotsa kuseri kwa TV n'kuiika pamwamba pa kabati. Netiweki inayamba kufika kuchipinda, koma kuzimako sikunathe.

Tsiku lina ndinakhudza adaputa yake, kachipangizo kamene kamapatsa rauta magetsi kuchokera pa soketi. Inali yotentha ngati mbatata yootcha, ikuliranso kaphokoso kang'onong'ono. Ndinanyamula zonse kupita kwa achimwene ena okonza mawailesi kumsika. Pa adaputapo panalembedwa 12V 1A, kutanthauza mavoti 12 ndi ampu imodzi. Atayeza adaputayo ili payokha ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, inaonetsa mavoti 12, koma rauta itayamba kukoka magetsi inatsika kufika pa 9. Atatsegula adaputayo anandionetsa kapasita, kachipangizo kosunga magetsi, yotupa pamwamba.

"Kutentha n'kumene kumapha timeneti, bambo," anatero.

Ndinagula adaputa ina ya 12V 1.5A. Mavoti ayenera kufanana ndendende, pomwe ma ampu ochulukirapo saononga kanthu. Tinaonanso kuti kapulagi kakulowa mothina komanso kuti + ali pakati ngati pa yakale ija. Ndinatsala pang'ono kutaya ndalama pa rauta yatsopano, inetu. Patha milungu itatu isanazimeko.