Kasankhidwe ka tochi yaing'ono ya m'thumba

Mlimi amene amadzuka pakati pa usiku kukaona ng'ombe imene ikubereka, kapena kukafufuza chimene chikusokosetsa nkhuku m'khola, amafunika tochi imene iyake nthawi yomweyo ndipo isazime ntchito isanathe. Matochi aang'ono adzaza m'misika ndi m'magolosale, ndipo pafupifupi onse masiku ano amagwiritsa ntchito timababu ta LED, timene timawala kwambiri koma timadya moto wochepa poyerekeza ndi mababu akale a kawaya. Vuto ndi lakuti matochi awiri ofanana maonekedwe amatha kusiyana kwambiri pa kulimba, ndipo kusiyanako sikuoneka pa katoni pokhapokha munthu atadziwa poyang'ana.

Ogula ambiri amathamangira nambala ya ma lumen, umene uli muyezo wa kuchuluka kwa kuwala. Ndikulangizani kuti nambala imeneyi musaikhulupirire kwambiri. Poyenda m'kanjira kopita kuchimbudzi kapena kuchitsime, ma lumen 20 mpaka 50 amakwanira kuti muone mphiri, njoka imene kawirikawiri sithawa ikamva mapazi koma imangogona pomwepo. Poona ziweto m'khola kapena kuunika kumunda, ma lumen 100 mpaka 300 ndi ambiri ndithu. Katochi ka batire imodzi ya AA kamene kalembedwa kuti kamatulutsa ma lumen 10,000 kakunama, ndipo wopanga amene wanama pa nambala imeneyi sangadaliridwe pa zina zonse zimene walemba. Ngakhale matochi abwino amene amafikadi ma lumen 1,000 sakhalitsa pa kuwala kumeneko, chifukwa mutu wake umatentha ndipo tochiyo imadzichepetsera yokha mphamvu pakapita mphindi zochepa.

Opanga odalirika amatsatira muyezo wotchedwa FL1, umene unakhazikitsidwa ku America mu 2009, ndipo amaika tizizindikiro take pa katoni. Pa muyezo umenewu, maola amene tochi imayaka amawerengedwa kufikira pamene kuwala kwatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo 10 a kuwala koyamba. Choncho mukaona kuti alemba maola 30, dziwani kuti mbali ina ya maolawo tochi idzakhala ikungonyezimira. Mtunda umene amalemba, monga mamita 100, ndi pamene kuwala kwatsala kofanana ndi kwa mwezi wathunthu, kumene sikukwanira kuti musiyanitse galu ndi fisi.

Nkhani yaikulu ili pa batire, chifukwa ndi imene idzakudyerani ndalama mwezi ndi mwezi. Ngati mukukhala kutali ndi magetsi ndipo mulibe sola, sankhani tochi ya mabatire a AA, amene amapezeka pafupifupi pa golosale iliyonse. Batire imodzi ya AA imasunga moto woposa kuwirikiza kawiri wa batire ya AAA, pamene mitengo yake siisiyana kwenikweni, motero matochi a timabatire titatu ta AAA, ngakhale ali otsika mtengo pogula, amadula pogwiritsa ntchito. Amene ali ndi potchajira angachite bwino kugula tochi ya batire ya lithium, ndipo yodziwika kwambiri ndi ya 18650, dzina limene limangotanthauza kukula kwake, mamilimita 18 m'mimba mwake ndi mamilimita 65 m'litali. Mabatire enieni a mtundu umenewu amasunga mpaka cha m'ma 3,500 mAh (mAh ndi muyezo wa moto umene batire imasunga), kotero amene alembedwa 9,900 mAh ndi achinyengo, ndipo nthawi zambiri mukawanyamula m'manja amakhala opepuka modabwitsa. Funsaninso ngati batireyo imachoka. Matochi ambiri apulasitiki otchaja pa soketi ali ndi batire yomatiriridwa m'kati imene imafa ikasiyidwa nthawi yaitali yopanda moto, ndipo ikafa tochi yonse imatayidwa ngakhale babu wake ali bwinobwino. Batire ya lithium musaitchaje padzuwa, pafupi ndi mbaula, kapena pamphasa inu mutachoka, makamaka m'nyumba yofolera udzu, ndipo ikatupa kapena kung'ambika chikutiro chake musaigwiritsenso ntchito.

Tochi yabwino iyenera kukhala ndi kuwala kochepa komanso kwakukulu, ndipo ine ndimaona kuti kochepako ndi kofunika kwambiri, chifukwa ndi kumene mudzagwiritsa ntchito masiku ambiri ndipo kumasunga batire kwa masabata. Matochi ena amakukakamizani kudutsa pa kuwala kophethiraphethira nthawi iliyonse musanazimitse, zimene zimatopetsa ndiponso zimadzidzimutsa ziweto.

Popeza tochi ya mlimi imanyowa ndi mvula ndi mame, yang'anani chizindikiro cha IPX. Ikalembedwa IPX4 ndiye kuti imapirira madzi owaza monga a mvula, pamene IPX7 imatanthauza kuti ingamire m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30 osalowa madzi. Masulani chivundikiro cha batire ndipo muone ngati pali kamphira kozungulira pa mazinga ake, chifukwa popanda kamphira kameneka chizindikirocho n'chongolemba. Matochi amene mutu wake umakokedwa kuti kuwala kukule kapena kuchepe amakopa maso pamsika, koma pamene mutuwo umayendera ndi pomwe fumbi ndi madzi zimalowera.

Oweta nkhuku aganizirenso kukula kwa mutu wa tochi. Tochi ya mutu waung'ono imagwira bwino ntchito younika mazira amene akufungatiridwa. Pa tsiku la 7 mpaka la 10, mukagunditsa dzira ku tochi m'chipinda chamdima, dzira lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira, pamene lopanda mwanapiye limaoneka loyera mbee, ndipo mungalichotse lisanawole. Musaunike dzira limodzi nthawi yaitali ndi kuwala kwakukulu, poopa kulitentha.

Musanapereke ndalama, pemphani wogulitsa kuti aike batire. Yatsani ndi kuzimitsa kangapo kuti mumve ngati swichi ikugwira mofanana nthawi zonse, pakuti swichi ndi imene imayamba kufa pa matochi otsika mtengo. Kenako igwedezeni ndi kuimenya pang'ono pachikhatho ili chiyakire. Ikaphethira, ndiye kuti sipuling'i kapena waya wa m'kati sanagwire bwino, ndipo idzakuvutitsani ikangogwa kamodzi. Thupi la aluminiyamu limapirira kugwa kuposa pulasitiki yopyapyala, komanso limathandiza kuchotsa kutentha kwa babu.

Mukafika nayo kunyumba, musasakanize batire yatsopano ndi yakale, chifukwa yakaleyo imachucha msanga, ndipo ngati tochi ikhala milungu ingapo osagwira ntchito, chotsanimo mabatire. Mukapeza ufa woyera wochokera ku batire ya alkaline (mtundu wa mabatire osatchaja) pa sipuling'i, pukutani ndi kansalu konyowetsa pang'ono ndi madzi a mandimu, muumitse bwino musanaikemo batire ina, kenako musambe m'manja. Mabatire otha musawaponye pamoto, m'dimba kapena pafupi ndi chitsime, ndipo muwasunge pamalo pamene ana sangafikire.