Foni yopita kumudzi musaiyezere mu Cairo Road

Ndalama ya chimanga ndi soya ikangolowa m'thumba, anthu amatsika basi ku Intercity n'kulunjika ku Town Centre, ku Kamwala kapena m'mashopu a mu Chachacha Road kukagula foni. Enafe tili muno mu Lusaka, koma timagulira makolo athu a ku Rufunsa, ku Nyimba kapena ku Katete. Funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri ndi lakuti, "Alangizi, ndi foni iti imene imagwira netiweki kumudzi?" Wofunsayo amafuna ndimutchulire dzina limodzi, Tecno, itel kapena Samsung, anyamuke akagule. Ine dzina sinditchula, chifukwa kampani imodzimodziyo imapanga mafoni ogwira bwino ndi ena ogontha.

Pakati pa tauni foni iliyonse ndi ngwazi. Nsanja za netiweki zili paliponse, ndipo wogulitsa akakuonetsani timizere ta netiweki tonse titadzaza, sakukunamizani ayi. Kungoti foniyo sikakhala mu Cairo Road. Chaka china ndinagulira amayi anga aang'ono foni yonyezimira ya makamera atatu kumsana, ndikudzitama mumtima kuti ndawasangalatsa. Itafika kuseri kwa mapiri a ku Rufunsa inasanduka tochi. Kuti aimbe ankakwera pachulu cha kuseri kwa khola, pamene kafoni ka mabatani ka mdzukulu wawo kankalira kali m'khitchini. Ndinachita manyazi.

Musanaganize za foni, yambani ndi layini. Muno mu Zambia tili ndi Airtel, MTN, Zamtel ndi Zed Mobile imene inabwera pomalizira, ndipo kampani iliyonse inaimika nsanja zake m'malo ake. Mudzi wina umamva Airtel yokha, wina kutsidya kwa mtsinje umamva MTN. Ngati nsanja ya kampani yanu ili kutali kapena yabisika kuseri kwa phiri, ngakhale foni yodula bwanji siingathandize. Ofunika kuwafunsa ndi anthu okhala komweko: aphunzitsi a pasukulu yapafupi, anamwino a pakiliniki, makamaka mnyamata kapena mtsikana wa pabufu ya mobile money, poti iyeyo ndiye amadziwa layini imene imagwa masana ndi imene imapirira. Pa chifukwa chomwechi gulani foni yolowa masimu awiri. Imodzi ikakana, inayo imayankha.

Tsopano tifike pa chinthu chimene ogula ambiri sachiyang'ana n'komwe, chonsecho ndicho chimasiyanitsa mafoni. Netiweki imayenda pa mafunde, ndipo mafundewo ali m'magulu osiyanasiyana amene amayezedwa mu MHz. Pali mafunde apansi, monga 800 ndi 900, ndi apamwamba, monga 1800, 2100 ndi 2600. Taganizani za gule kumudzi. Ng'oma yaikulu imamveka mpaka kutsidya kwa dambo, koma kuwomba m'manja kwa amayi kumathera pabwalo pomwepo. Mafunde apansi ndiwo ng'oma yaikuluyo: amafika kutali, amadutsa m'mitengo, amalowa m'zipupa. Apamwamba amanyamula intaneti yambiri mwaliwiro, koma amatopa msanga. M'tauni muno onse alipo. Kumudzi kapena kumafamu a ku Lusaka West ndi ku Shantumbu, nthawi zambiri amene amakufikani ndi apansiwo.

Kuimba wamba kwa 2G kuno kumayenda pa 900 ndi 1800, ndipo pafupifupi foni iliyonse imamva amenewa. Nkhani ili pa 4G. Makampani athu anagula mafunde a 800 ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni m'dziko muno. Airtel, mwachitsanzo, inagula ena mu 2022 pamodzi ndi a 2600. Pabokosi la foni mafunde a 800 amenewa amalembedwa kuti Band 20 kapena B20. Foni yopanda B20 imatha kukhala pansi pa 4G yabwinobwino koma osaimva, n'kumangokakamira pa 2G, WhatsApp ikuzungulira tsiku lonse. Choncho tembenuzani bokosi, kapena lembani nambala ya mtundu wa foniyo pa intaneti, muone ngati pali B20, B8, B3 ndi B1. B8 ndi 900, B3 ndi 1800, B1 ndi 2100.

Apa ndichenjeze amene amakonda mafoni akaunjika obwera kuchokera kunja, kapena otumizidwa ndi abale a ku America. Foni yopangidwira msika wa ku America kapena wa mkati mwa China imakhala ndi magulu a mafunde akumeneko, ndipo zambiri mwa zotchipa zilibe B20. Dzina pamsana ndi lomwelo, maonekedwe omwewo, koma makutu ake ndi ena. Yopangidwira Africa, Europe kapena Middle East ndiyo imagwirizana ndi nsanja zathu. Za 5G zisakusokonezeni. MTN inaiyambitsa mu 2022, koma ndi ya m'matauni, ndipo agogo a ku Nyimba sakuifuna panopa. Ndalama imeneyo ikani pa batire yaikulu.

Batireyo ili ndi chifukwa chake. Foni ikakhala kutali ndi nsanja imakuwa mwamphamvu kuti imveke, ndipo kukuwako kumadya moto. Foni imene muno imatha tsiku lonse, kumudzi imatha kuzima dzuwa lisanalowe, ikutentha ngati mbatata yootcha. Anthu amati batire ndi yabodza, koma ayi, yagwira ntchito yolemetsa. Kwa munthu wotchaja pasola ya kwa aneba, batire ya 5000 mAh ndiyo poyambira.

Nanga timizere tija? Musatikhulupirire kwambiri. Palibe lamulo lonena kuti timizere titatu tikutanthauza mphamvu yakutiyakuti. Wopanga foni aliyense amajambula mmene wafunira, ndipo ena amakometsa dala. Muyezo weniweni uli mkati mwa foni, ndipo kuuona n'kwaulere. Pa Android lowani mu Settings, kenako About phone, mupeze SIM status, ndipo pa Signal strength muona nambala yokhala ndi kamzere kutsogolo, yotsatiridwa ndi dBm. Pa iPhone imbani *3001#12345#*. Nambalayi iwerengeni ngati ngongole: wa ngongole yochepa ndiye ali pabwino. Pa 4G, -80 ndi yabwino kwambiri, -100 ndi yoti munthu n'kukhala nayo, -110 mawu ayamba kuduka, ndipo kuyandikira -120 foni ikupuma komaliza. Kusiyana kwa manambala atatu okha kukutanthauza kuti mphamvu yawirikiza kawiri, ndipo kusiyana kwa khumi ndiye kuti yawirikiza kakhumi. Ndiye foni yoonetsa -102 ndi ina yoonetsa -108 zili patali ndithu, ngakhale zonse zikuonetsa timizere tiwiri.

Kayezedwe kake nkosavuta. Pitani pamalo pomwe netiweki imavuta, mkati mwa nyumba, osati pabwalo. Ikani mafoni awiri patebulo limodzi, onse a layini ya kampani imodzi, onse ali pa 4G kapena onse pa 2G. Dikirani mphindi ziwiri manambala akhazikike, kenaka yerekezani. Mukatero nyamulani foni iliyonse m'manja mmene mumagwirira poimba, muonenso. Mlongoti wa foni za masiku ano unabisidwa m'mphepete, kawirikawiri kumunsi ndi kumtunda, ndipo pali mafoni ena amene chikhatho chikangowaphimba mphamvu ya netiweki imagwa kwambiri. Pomaliza imbani ndithu, mulankhule mphindi zingapo. Ngati m'mudzimo muli kale munthu amene foni yake imagwira ena akulephera, lembani nambala ya mtundu wake, osati dzina la kampani lokha, mukafune yomweyo. Uku ndiye kufufuza kumene ndimakukhulupirira kuposa zolemba za pabokosi.

Ndikudziwa kuti wogulitsa sangakulolezeni kunyamula foni kupita nayo ku Chongwe musanalipire. Koma mungathe kupangana naye kuti ikakana kugwira mubweza pakatha masiku angapo n'kusintha ndi ina. Zimenezo zilembedwe parisiti, pamodzi ndi IMEI, nambala yozindikirira foniyo. Imbani *#06#, nambala ya madijiti 15 ituluka, ndipo ifanane ndi ya pabokosi. Zikasiyana, bwezani foniyo pakauntala muzipita. Mafoni achinyengo amaoneka bwino kunja, koma zamkati zogwirira netiweki ndizo amaumirapo ndalama. Chimodzimodzi foni imene inatsegulidwapo kwa okonza: kawaya kochepa ka mlongoti kakasiyidwa kosalumikiza bwino posintha sikirini, foni imagontha mpaka kalekale.

Kafoni ka mabatani musakanyoze. Kwa munthu amene ntchito yake ndi kuimba, kulandira ndalama ndi kuwerenga mauthenga a feteleza, kamakwana. Kamakhala pa 2G imene imafika kutali, chikopa chake ndi pulasitiki yosatchinga mafunde, ndipo batire imatha masiku. Ine ndimalangiza mabanja ambiri kukhala ndi ziwiri: ka mabatani ka tsiku ndi tsiku, ndi yaikulu ya zithunzi ndi WhatsApp. Amene ali ndi yaikulu yokha, 4G ikamabwera n'kumapita, alowe mu Settings asankhe 2G kapena 3G yokha pofuna kuimba, foni ileke kudumphadumpha. Ndipo kuimba kukakanika, tumizani meseji, chifukwa imadutsa ngakhale pa netiweki yofooka kwambiri.

Si nthawi zonse pamene foni ili yolakwa. Denga la malata ndi zipupa za konkire zimatchinga mafunde, ndiye chifukwa chake pawindo loyang'ana kunsanja pamagwira pamene kuchipinda kulibe kanthu. Chikwama cha foni chokhala ndi chitsulo chimachitanso zomwezo, chivuleni muone kusintha. Nthawi ya dzinja mitengo ikavala masamba, malo amene ankagwira mu Okutobala amatha kufooka. Mu Kanyama, mu Chawama kapena mu Matero madzulo, timizere timadzaza koma intaneti osayenda. Pamenepo nsanja yachulukidwa ndi anthu, ndipo kugula foni ina n'kutaya ndalama. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti akuzima maola ambirimbiri: mabatire a pansanja ankatha, netiweki n'kuzima nawo limodzi, foni yodula ndi yotchipa zonse zili chete.

Timapepala tomata kumsana kwa foni tomwe amati timakoka netiweki ndi bodza lenileni, pamodzi ndi ma app olonjeza kuwonjezera mphamvu. Makina okuzira netiweki m'nyumba aliko, koma osavomerezeka ndi ZICTA amasokoneza nsanja n'kuwonongera aneba anu, choncho musagule a pamsewu. Pafamu kapena pasukulu pomwe mukufuna intaneti, njira yabwino ndi ka rauta ka 4G kokhala ndi B20, kopachikidwa pawindo lokwera kapena kolumikizidwa ku mlongoti wapadenga woloza kunsanja, mafoni onse a m'nyumba n'kumamwa pa Wi-Fi yake. Musanakhome msomali, zungulirani nyumba yonse foni ili m'manja mukuwerenga nambala ya dBm ija, pakhonde, pawindo lililonse, ngakhale pamwamba pa nkhokwe, ndipo pomwe ngongole ija yachepa kwambiri ikanipo chizindikiro ndi khala.