Momwe mungasamalire mipando ya pulasitiki kuti isathetheke msanga

Mpando wa pulasitiki ukathyoka pa ukwati kapena pa maliro, anthu amaloza chala munthu amene anakhalapo. Koma nthawi zambiri mpandowo umakhala utatha kale ndi dzuwa. Mipando ndi matebulo ambiri apanja amapangidwa ndi pulasitiki wotchedwa polypropylene. Mukatembenuza mpando, kawirikawiri mumapeza zilembo PP kapena nambala 5 kunsi kwake. Pulasitiki ameneyu saopa madzi, koma dzuwa limamudya pang'onopang'ono: amasuluka, amayamba kutuluka ufa woyera, kenako amauma gwa n'kumathetheka ngati phale.

Yambani ndi kuyesa mpando wanu. Pukutani mpando wouma ndi chikhatho. Mukatsala ufa woyera m'manja, ndiye kuti dzuwa lalowa kale. Kenako utembenuzeni muone pomwe miyendo yakumbuyo ikumana ndi pokhalira, ndiponso m'munsi mwa motsamiritsa mikono. Timizere toyera pamenepo ndi chiyambi cha mng'alu.

Potsuka, yambani mwathira madzi okhaokha kuti fumbi lichoke. Mukayamba kukwecha fumbi lidakalipo, mchenga wake umakanda mpando. Sungunulani masipuni awiri a sopo wamadzi wotsukira mbale, kapena wa ufa, m'malita 5 a madzi ofunda. Tsukani ndi siponji kapena kansalu kofewa, ndipo m'makona ndi m'timabowo ta kumsana gwiritsani mswachi wakale. Tsukuluzani bwino, chifukwa sopo wotsalira amakoka fumbi lina.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Mpando si poto: sitiliwulu, mchenga ndi phulusa zisafike pamenepo. Zimayeretsadi tsiku limenelo, koma zimachotsa kusalala kwa pamwamba n'kusiya timikwingwirima tosaoneka ndi maso. Litsiro limakhazikika mmenemo, ndipo pakatha mwezi mpando umada kuposa kale. Petulo, palafini ndi thina nazonso zimafewetsa pulasitiki ndi kumuchotsa kuwala.

Litsiro likakakamira, tengani soda yemwe timathira mu therere. Sakanizani masipuni atatu ndi sipuni imodzi ya madzi kuti akhale ngati phala, pakani pothimbirirapo, dikirani mphindi 10, kenako pukutani mozungulira ndi siponji. Nthawi ya dzinja, mipando yokhala pachinyezi imachita timadontho takuda ta nkhungu ndi ndere. Ngati ndi yoyera, thirani theka la kapu ya Jik m'malita 5 a madzi, pakani, pakatha mphindi 10 tsukuluzani ndi madzi ambiri. Valani magolovesi ndipo chitirani panja. Pa mipando yobiriwira, yofiira kapena ya buluu, Jik akhoza kusulutsa mtundu, choncho sakanizani viniga ndi madzi muyezo wofanana. Musaphatikize Jik ndi viniga ngakhale pang'ono, chifukwa zikakumana zimatulutsa mpweya wa poizoni.

Mpando ukauma, upakeni polishi ya galimoto pang'ono ndi kuupukuta ndi nsalu youma. Kawiri pachaka n'kokwanira, makamaka kusanatenthe mu September. Penti wamba musavutike naye, sagwira pa pulasitiki ameneyu ndipo amasupuka n'kumamatira pa zovala za alendo.

Kasungidwe ndiko kamatalikitsa moyo wa mpando kuposa sopo aliyense. Mukatha kugwiritsa ntchito mipando, ilowetseni pakhonde kapena m'nyumba. Ngati malo palibe, ifunditseni lona koma musiye mpata m'munsi kuti mpweya uzidutsa. Sanjikizani ikauma, ndipo mulu usapose mipando 10, apo ayi miyendo ya wapansi imatangadza. Osasanjikiza mipando ya mapangidwe osiyana; imakanirirana, ndipo poikoka ndi pomwe mikono imang'aluka. Mbaula ikhale patali. Pulasitikiyu amasungunuka pa madigiri pafupifupi 160, koma amayamba kufewa ndi kupindika asanafike pamenepo.

Onaninso poimika. Pa simenti yopaka polishi kapena pa matailosi miyendo imaterera n'kutasuka, pa dothi lonyowa mwendo umodzi umatitimira n'kusenza katundu yense. Ana ayenera kuletsedwa kuyendetsa mpando pa miyendo iwiri yakumbuyo, ngakhale kuti akuluakulu pa bawo ndiwo amachita zimenezi kwambiri.

Mng'alu waung'ono kumsana kapena pamkono umakonzeka. Guluu wa m'timachubu sagwira polypropylene, ndiye musataye ndalama. Tenthetsani msomali woonda, muugwire ndi pulayazi, muboole kabowo kumapeto kwenikweni kwa mng'aluwo kuti usapitirire. Kenako boolani timabowo mbali zonse ziwiri, motalikirana masentimita awiri komanso sentimita imodzi kuchokera pa mng'alu. Sokani ndi waya wofewa, ndipo mfundo zake zipotokolere kunsi kuti zisang'ambe zovala. Amene ali ndi chowotcherera mawaya a wailesi akhoza kusungunulira pamng'alupo kachidutswa ka mpando wina wakufa wa pulasitiki wofanana, ali panja chifukwa cha utsi.

Mwendo ukang'aluka m'chiuno mwake, mpandowo uchotseni pagulu. Waya sangasenze munthu pamenepo. Usungeni kuti muzidulako zigamba zokonzera inzake.